Nambala ya Malemu

"Kompyutayi musaimenye, alamu, ilibe mlandu. Yafa ndi tokeni."

Amapaselo anabweza dzanja. Dzina limeneli anawapatsa ndi makondakitala, chifukwa akalambira m'kachipinda ka kuseri kwa depoti, kulandira katundu wotsika m'mabasi ndi kumupereka kwa eni ake. Mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, ndi wokonza makompyuta. M'mawa umenewo anali atakhalira katoni ya eni, thukuta lili kamukamu.

"Tandiuzani m'chilankhulo cha anthu."

"Tokeni ili ngati kiyi wobwereka. Kompyuta yanuyi ikamuonetsa ku kampani ya mameseji, iwo amauza mwini katundu kuti wafika. Koma kiyiyo ali ndi tsiku lothera, ngati mankhwala. Tsikulo lakwana."

"Ndiye kadulitseni wina, mukudikira ndikulipeni ndi mwana wanga?"

Mlamuyo sanaseke. "Wodulitsa ndi mwini akaunti. Achimwene."

Malemu anali munthu wa mawaya. Analumikiza zonsezi Loweruka lina akuimba mluzu, n'kunena kuti, "Iwe uzingolemba nambala za anthu, zinazo undisiyire." Mayiwo anawasiyiradi. Ngakhale maliro atapita, mameseji ankapitabe okha, m'mawu a malemu omwe aja: Katundu wanu wafika bwino, bwerani asanakuiwaleni. Anthu ankalowa akuseka, foni zili m'manja, ndipo kwa Amapaselo zinkakhala ngati bambo akadali pantchito, angotuluka pang'ono.

Tsopano makatoni anali atafika kudenga. Panali matayala, matiresi, ndi thumba la anyezi loyamba kumera. Manijala wa mabasi anali atabwera dzulo lake, osapereka ndi moni womwe. Anati zikapanda kuyenda pofika Loweruka, chipindacho apatsa wina.

Pasiwedi Amapaselo ankaidziwa, linali dzina lachibwana la mwana wawo woyamba. Mlamu atailemba, kompyuta inati yatumiza kodi, timanambala tachinsinsi totsimikizira mwini akaunti, ku foni ya malemu.

Foniyo inali m'dirowa kunyumba, yokulungidwa m'kampango. Chiibweretsereni kuchokera kuchipatala, mayiwo sanayerekeze kuiyatsa. Anakaitenga pa njinga yamoto, naitchaja pakati pa makatoni. Inayaka, n'kuonetsa chithunzi chawo ali mtsikana. Koma kodiyo sinabwere.

"Simu ikakhalitsa osagwira ntchito amaitseka," anatero mlamu chapansipansi. "Nambala amagulitsa kwa wina."

"Nambala ya munthu?"

"Sinali yawo, alamu. Nayonso inali yobwereka."

Amapaselo anaiimba pa foni yawo. Zala zinkaidziwa zokha. Anayankha bambo wa mawu okhuthala, ana akuchita phokoso kumbuyo.

"Pepani bambo, nambalayi inali ya amuna anga, anatisiya. Kwabwera kauthenga ka manambala kumeneko. Mungandiwerengereko?"

"Kodi eti? Mwezi watha anaimbanso wina, nayenso anali wamasiye. Amuna anu amafa bwanji, anthu inu!"

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Ndibwere kumene muliko, mudzandione nkhope."

"Mudziwenso pakhomo panga? Uthenga womwewu ukuti ndisauze munthu. Kagwireni ntchito, mayi, kuba si ntchito."

Anadula. Ataimbanso, foni sinalowe.

Chimene chinawapweteka Amapaselo n'chakuti bamboyo sanalakwe. Iwonso amauza ana awo zomwezo.

Mlamu analembera kampani ya mameseji. Yankho linabwera nthawi yomweyo, laulemu kwambiri, lolembedwa ndi makina: mwini akaunti atsimikize yekha. Kutsegula akaunti ina kunali kotheka, pa nambala yatsopano, koma kampaniyo imayamba yafufuza kaye. Loweruka lidzakhala litadutsa kalekale.

"Nanga mawu aja?" anafunsa mayiwo. "Asanakuiwaleni aja?"

"Ali m'akaunti yakaleyo. Tingawalembenso."

"Mukalemba inu akhala anu."

Madzulo Amapaselo anakoka chitseko movutikira, matiresi atachitsamira m'kati. Manijala anadutsa ndi mayi wina wachilendo, akumulozera zenera la kachipindako, ndipo atawaona Amapaselo anayang'ana kumbali.

Pa geti la depoti pamakhala mayi wogulitsa masimu pansi pa ambulera. Anayala timakhadi ngati njuga.

"Sankhani, Amapaselo. Mukufuna yothera bwanji?"

Amapaselo anafufuza yofanana ndi ya malemu, ngakhale kumapeto kokha. Panalibe. Anatola yomwe inali pafupi, naikulunga m'kampango kaja pamodzi ndi foni, n'kuyamba wapansi kupita kunyumba.