Foda imene sindinafufute

Ndili fomu firii ku Mtakataka, ndinalowa kalabu ya makompyuta chifukwa inkakumana m'chipinda chabata. Tinkapanga pulogalamu yosonyeza tsiku limene munda uliwonse wa mpunga ku Bwanje ulandire madzi. Gulu lathu linkakonza zooneka pasikirini, lina linkalemba masiku. Ntchito yonse inkasungidwa pa intaneti mu giti, chida chimene chimakumbukira chilichonse chimene munthu wasintha.

Lachitatu lina pulogalamu inangoonetsa sikirini yoyera. Mnzanga wokhala naye desiki anafufuza mulaputopu n'kupeza kuti foda ya masiku mulibe.

"Iwe, si ndiwe unatsala ukusesasesa mafayilo dzulo? Waphika nayo ndiwo foda ya eniake?"

Ndinkakondadi kusanja mafayilo. Ndipo amadamu, aphunzitsi athu, ananeneratu kuti wowononga ntchito ya anzake achoka m'kalabu. Ndinayesa kukumbukira chimene zala zanga zinakhudza. Koma chinandidabwitsa n'chakuti m'mbiri ya zosintha, dzina la fodayo linkaonekabe. Chinthu chingasowe bwanji koma chilipo?

Ndinaimika mkono, mwapang'ono kwambiri moti mnzangayo anachita kundikwezera chigongono.

Nditafunsa za fodayo, amadamu anaseka. "Mwana wanga, foda imeneyo sinafikepo pa laputopu ino. Bandulo ya intaneti ndi yochepa, ndiye aliyense ndinamutengera mbali yake yokha."

Analemba mzere umodzi, foda ija n'kutulukira. Sikirini inakhalabe yoyera. Tinatsegula mbiri n'kumatsika limodzi, mpaka tinapeza pamene mnzanga uja anachotsa kachizindikiro kotsekera mzere.

"Aaa, kameneka basi?" anatero. "Madamu, fufutani msanga anyamata asanaone."

Sanafufute. Anawonjezera kusintha kwatsopano kobwezeretsa kachizindikiro kaja, cholakwacho n'kutsala pansi pake, poyera. Ine amene ndinkafufuta ndi labala mpaka pepala kubowoka, zinandizunguza mutu.

"Bwanji osangochichotsa, madamu?"

"Mawa wina akalakwitsa chomwechi, akaona pati kakonzedwe kake?"

Palibe anachotsedwa. Anzanga atapita kukagula zitumbuwa, ndinapempha kutsala kuti ndiwerenge mbiri yonse kuyambira pansi. Kumayambiriro kwenikweni ndinapezako zosintha za amadamu eniake. Pa china analembapo kuti, "Ndakonza zimene ndinawononga m'mawa."