Makwinya Amene Phuma Anasiya m'Holo

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, Phuma anafika kunyumba akutsimphina, bondo lakumanja litatupa ngati dzungu. Anakhala pampando, n'kudzuka, n'kupita pakhomo, n'kubwereranso. Mwendo unkamuwawa koma kukhala malo amodzi kunkamukanika.

Inu amene mtima uli m'mwamba chifukwa munalakwitsa nokha, popanda munthu womuloza chala, nkhaniyi ndi yanu.

Dzina loti Phuma anamupatsa ndi anzake oyala makapeti, ndipo sanamunamizire. Ena akamamaliza chipinda chimodzi, iye ankakhala atayala ziwiri, uku akuliza likhweru. Pantchitoyi pali zida ziwiri zokokera kapeti kuti ikungike. Chachifupi chili ndi mano kutsogolo ndi khushoni kumbuyo: umalumitsa manowo pakapeti n'kumenya khushoniyo ndi bondo. Ntchito yake n'kungothandizira m'makona ndi m'mphepete. Chachikulu n'cha mapaipi amene umalumikiza mpaka akatsamire khoma la mbali inayo, ndipo umakoka kapeti potsitsa chogwirira ndi dzanja. N'cholemera, kuchilumikiza kumadya nthawi, choncho Phuma ankachisiya m'galimoto.

"Zimenezo n'za madala," ankatero akuseka.

Tsiku lina anapatsidwa holo yaikulu ya misonkhano. Anaiyala yonse ndi bondo lokha, dzuwa lisanalowe, ndipo inkaoneka bwino zedi. Koma mvula itayamba, kapeti ija inamasuka n'kutukumuka mizeremizere pakati. Amayi ena osesa m'holomo, atanyamula thireyi ya makapu, anapunthwa pa khwinya n'kuthyoka dzanja. Abwana a Phuma sanachulutse zonena, anangomulanda makiyi a galimoto. Kuchipatala nako adokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti bondo limenelo akalimenyetsanso adzayendera ndodo.

Miyezi iwiri anazungulira m'makampani, koma mbiri inali itamutsogolera. Kulikonse ankangomva kuti, "Tikuimbirani." Kunyumba ankangoyendayenda, kutsegula bokosi la zida, kulitseka, kusuzumira pawindo. Mkazi wake, amene ankasoka zovala pakhonde, analephera kupirira.

"Abambo, mukundizunguza mutu. Khalani pansi kapena tulukani."

"Ndikhale bwanji? Ntchito yanga inali bondoli. Bondo latha, nanenso ndatha."

Mkaziyo anaimitsa makina. "Nanga madala aja munkawaseka aja, anayala zaka zonse zija ndi bondo la ndani? Mpaka lero amayenda bwinobwino. Pitani mukawaone."

Madalawo anali mmisiri wakale amene anapuma ntchito. Phuma anadutsa pageti pawo katatu asanagogode, chifukwa manyazi anamugwira kwambiri.

"Wabwera kudzaona za madala?" anafunsa mkuluyo, maso akuseka.

"Ndabwera kudzaphunzira, madala."

Anayala kapeti yakale m'galaja, n'kutulutsa chida cha mapaipi cha mkuluyo. Mkuluyo anamuonetsa kuika thabwa lokulunga nsanza pakhoma kuti paipi isaliboole, kulumitsa mano, ndi kutsitsa chogwirira pang'onopang'ono. Kenako anamupatsa lamulo limodzi: akatsitsa, awerenge mpaka teni asanakanikizire kapeti patimisomali ta m'mphepete mwa khoma, kuti iyambe yagonja. Akatero asunthe pang'ono, kutalika kwa phazi limodzi, n'kuyambiranso.

Phuma anatsitsa. "Wani, thu, teni!"

"Pakatipo manambala apita kuti? Yambiranso."

Kunena zoona, kwa munthu ngati ameneyu kuwerenga mpaka teni kunali chilango choposa kutupa kwa bondo. Zala zinkamuyabwa, phazi linkangogwedera. Anayala n'kuchotsa kapeti ya m'galaja ija masabata atatu, mpaka tsiku limene madala anaimenya ndi chikhatho, osaona pogwedera, n'kunena kuti, "Chitenge chidachi. Kwa ine chikungochita dzimbiri."

Phuma ankadziwa kumene ankayenera kuyambira. Anapita kuholo kuja. Makwinya anali akadalipo, atamatidwa tepi yachikasu kuti anthu aziwalambalala, chifukwa eni holo ndi kampani imene inamuchotsa ntchito ija anali akukanganabe. Amayi osesa aja anali pomwepo, chikhakha atachotsa, koma akuyenda maso ali pansi, phazi lililonse akuliponda mokayika. Zimenezi zinamupweteka kuposa mawu onse amene anthu anamunenera.

"Amayi, amene anakuthyolani dzanja ndine. Pepani."

Amayiwo anaimitsa tsache n'kumuyang'ana. Amene anayankha ndi amanijala a holoyo, mayi wosaseka ndi munthu.

"Ndiye mwabwera kudzathyola linalo?"

"Ndabwera kudzakonza zimene ndinawononga. Mundipatse tsiku limodzi."

"Lachisanu muno mulibe anthu. Faifi koloko tikuyala mipando ya msonkhano wa Loweruka. Makwinyawa akabwereranso, musadzapondenso pano, ndipo aliyense wondifunsa za inu ndidzamuuza."

Lachisanu m'mawa analowa atasenza mapaipi. Anamasula kapeti m'makoma atatu, n'kulumikiza mapaipiwo mpaka anadutsa holo yonse. Anatsitsa chogwirira, n'kuwerenga. Kutsogolo kwake khwinya loyamba linagona pansi lokha, mwakachetechete. Anakanikizira, anasuntha phazi limodzi, anatsitsanso. Maso ankangothamangira pawotchi ya pakhoma.

Folo koloko inakwana khoma lomaliza lisanayambike. Anthu oyala mipando anali atafika, ataima pakhomo, akulankhula mokweza kuti amve. Amanijala anabwera kawiri.

"Mumaliza liti, bambo? Si inu amene amati Phuma?"

Chida chachifupi chija chinali pomwepo, m'bokosi. Ankadziwa kuti akachitenga, mphindi makumi awiri zikwana, ndipo palibe amene angaone kusiyana kwake lero. Anachigwira ndithu. Bondo lija linachita ngati likudzikonzekera lokha. Kenako anaona amayi osesa aja ataima pakona ndi tsache, akumuyang'ana.

Anachibwezera m'bokosi, anatseka, n'kutembenukira kwa amanijala.

"Ndichedwa ndi ola limodzi, amayi. Mundikalipire lero, koma m'holo muno simudzagwanso munthu."

Amanijala anapukusa mutu n'kutuluka. Iye anamasula mapaipi, anawatembenuzira khoma linalo, n'kuyambanso kuwerenga, manambala onse, osadumpha ndi imodzi yomwe. Atamaliza, kapeti inali itasefukira pakhoma, ndipo anadula yotsalayo ndi mpeni. Chinatuluka chidutswa chachitali ngati lamba, m'lifupi mwake chikhatho chathunthu. Anachiyang'ana mtima ukumuwawa, chifukwa chimenecho ndi chimene anachisiya pakati pa holo tsiku lija ankaliza likhweru. Anachipinda n'kuchiika m'bokosi.

Musaganize kuti mtima unakhala pansi. Kapeti siiulula msanga. Miyezi inadutsa akugwira timaganyu ta m'nyumba za anthu, chipinda apa, khonde apo, ndipo kangapo konse anapezeka akusuzumira pawindo la holo ija ngati wakuba. Mvula itayambanso, chakudya chinasiya kumukomera. Foni ikalira ankadzidzimuka.

Tsiku lina inaliradi. Anali amanijala. "Bwerani kuno."

Anafika thukuta lili kamukamu. Analowa maso ali pansi, akufufuza kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo. Kapeti inali myaa, yopanda khwinya ngakhale limodzi.

"Zipinda zam'mwamba zonse zikufuna kapeti yatsopano," anatero amanijala. "Masiku angati?"

"Ambiri, amayi."

"Ndi zimene ndimafuna kumva."

Akulankhula choncho, amayi osesa aja anatulukira ndi thireyi yodzaza makapu. Anadutsa pakati penipeni pa holo, pamalo paja anagwera, mutu uli m'mwamba, akucheza ndi mnzawo amene anali kumbuyo. Sanayang'ane pansi ngakhale kamodzi. Atafika pomwe panali Phuma anangoti, "Mwaswera bwanji, amisiri?" n'kupitirira. Phuma anatembenukira kukhoma kuti anthu asaone misozi.

Lero ntchito zimachita kumudikira. Dzina lija silinachoke, ndipo kunyumba akadali munthu wosakhazikika, mkazi wake angakuuzeni. Koma akagwira chogwirira chija amawerenga mpaka teni, ndipo chidutswa cha kapeti chija chikadali m'bokosi, pamwamba pa zida zonse, kuti azichiona akangotsegula.

Mwina nanunso muli ndi holo yanu imene mumailambalala chifukwa cha manyazi, imene munasiyamo makwinya ndi manja anu omwe. Kulakwitsa kumeneko sikunakumalizeni. Kagogodeni kwa amene munkamuseka, kapepeseni kwa amene munamupweteka, ndipo mukagwirenso ntchitoyo bwinobwino ngakhale anthu ataima pakhomo kukufulumizitsani. Musataye mtima, bwererani mukakonze.