Galimoto ya Tebo ya a Benedicto

A Benedicto Kamwendo ndi alamu anga, anakwatira akulu anga a Marita. Ndawadziwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindinawaonepo atagwira khasu kapena sipanala. Ntchito yawo kuyambira kale ndi kuloza ndi chala.

Ali mnyamata anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Ankaima pa sikelo bolopeni ili kukhutu, matenanti atandanda ndi fodya wawo, iwo n'kumawaitana kuti "iwe", ngakhale a imvi mbuu. Esiteti itatsekedwa anasamukira pa Nsaru n'kuyamba kugula soya ndi mtedza. Mimba inakula, mawu nawo anakula.

Mu 2019 anagula galimoto yakaunjika yochokera ku Japan, yotuwa. Aliyense amene anayerekeza kuiyang'ana ankauzidwa kuti ndi ya tebo. Tebo n'chiyani, iwo sankadziwa. Ndinachita kumva kwa ena kuti ndi kachipangizo kozungulira kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti galimoto ikhale ndi mphamvu.

Patatha chaka inayamba kudwala. Ikaima injini ikulira, inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, mpaka makiyi kumachita phokoso. Akaponda moto inkayamba yadodoma kaye, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi.

Loweruka lina mu Okutobala tinanyamuka atatu, ine, alamu ndi akulu anga, kupita ku chinkhoswe ku Nambuma. Tisanatuluke n'komwe pa Nsaru, galimoto inazima kawiri. Akulu anga anati, "Bambo, tangodzerani kwa a Amon aione."

Amon amakonza zigayo, mathirakitala ndi magalimoto kuseri kwa msika. Makolo ake anachokera ku Phalombe, ndipo anali matenanti pa esiteti ija. Alamu anakhotera kumeneko nkhope itakwinyika, ndipo sanatsike. Anangotsitsa galasi.

"Iwe, umaidziwa tebo?"

"Tsegulani boneti, bwana, muisiye ikulira," anatero Amon.

Anawerama n'kutchera khutu nthawi yaitali osakhudza kanthu. Kenako anagwira paipi yakuda yamphira yochokera ku sefa ya mpweya n'kuipinda pang'ono. Injini inatsamwa. Ataisiya, inabwerera kunjenjemera kuja. Anandikodola ine kuti ndione. Kunsi kwa paipiyo kunali mng'alu wotalika ngati chala, m'mbali mwake muli fumbi lofiira.

"Injini ilibe vuto, bwana. Paipi iyi yang'ambika, ndiye ikuyamwa mpweya wosadzera pa sefa. Mafuta ndi mpweya sizikugwirizana, n'chifukwa chake ikunjenjemera. Ndimange ndi mphira ya chubu kuti mukafike, Lolemba mukagule paipi ina. Musachedwe nayo, fumbili likulowa mu tebo."

Alamu anaseka cha m'mphuno. "Mphira ya chubu? Waiona ngati njinga ya makala eti? Tseka boneti."

Amon anatseka, n'kupukuta manja, n'kubwerera ku injini ya chigayo imene ankamasula. Ku Nambuma tinafika anthu atayamba kale kubalalika.

Kuyambira pamenepo alamu anasanduka dokotala wa galimoto. Poyamba anati vuto ndi mafuta, n'kukakalipira mtsikana wa pa filing'i pamaso pa anthu. Kenako anapita nayo mu tauni ku galaja ya mnzawo wina wovala tayi, amene anaikamo mapulagi atsopano. Inanjenjemerabe. Anabwererako, akasinthe pampu ya mafuta. Inanjenjemerabe. Ndinawafunsa tsiku lina ngati anawatchulira amakaniko a mu tauniwo za paipi ija.

"Mlamu, ine ndikanene mawu a mwana wa tenanti mu galaja ya mu tauni? Andiona bwanji?"

Mapeto ake anayamba kunena kuti pali anthu ansanje. Anaitana akulu a mpingo awiri kudzapempherera galimoto pakhonde. Akuluwo anabwera chifukwa cha ulemu, anapemphera mwachidule, anamwa tiyi, n'kumapita akuyang'anizana.

Miyezi yonseyi galimoto inkayenda msewu wafumbi wa ku Kabudula pafupifupi tsiku lililonse, kuthamangira mbewu. Mu Juni chaka chotsatira, pa chitunda china, inayamba kulira likhweru lalitali, n'kutulutsa utsi wobiriwira umene unaphimba msewu wonse, n'kuima. Alamu anakhala m'menemo maola atatu akuimba foni. Amene anawathandiza anali mlimi wina wa ngolo. Anamasula ng'ombe zake, n'kuzimangirira ku galimoto, n'kuikokera mpaka pa Nsaru. Linali tsiku la msika. Alamu anali pa chiwongolero, magalasi onse atakweza, thukuta lili kamukamu.

Mnzawo wa tayi uja atamasula tebo anapeza timapiko take titadyeka ndi mchenga. Paipi ija anaiona tsiku limenelo, n'kuwafunsa alamu chifukwa chake sanamuuze za paipiyo.

Galimotoyo ili kuseri kwa nyumba mpaka lero, matayala ataphwa. Akulu anga amayanikapo chigwada ndi mfutso. Amon anadza kamodzi, ataitanidwa ndi akulu anga alamu kulibe, ndipo anati ikhoza kudzuka ngati atapeza tebo ina. Alamu atamva anakalipa sabata yathunthu kuti mkazi wawo wawachititsa manyazi.

Masiku ano amayenda pa kabaza wa njinga yamoto, chikwama atachikumbatira pamimba. Akafika pa msika amauza aliyense wofuna kumva kuti magalimoto a ku Japan ndi zidole, ndipo akudikira ina yochokera ku Germany. Anthu amangovomera kuti "eya, bwana", n'kupitiriza kuyeza mtedza wawo pa sikelo ya munthu wina.