Maekala Atatu a Agogo

Fungo la fodya wa bale akamauma m'chigafa limandibweretsera agogo anga aamuna, atakhala pachiguduli, akusoka masamba ndi zala zakuda bii ndi utomoni, kwinaku akutsokomola motsitsa ngati akuopa kusokoneza munthu. Anali tenanti pa esiteti ina kwa Kaluluma. Ankati kwathu ndi ku Phalombe, koma ine kwathu ndinkadziwa pomwepo. Chaka chilichonse fodya akagulitsidwa, kapitawo ndiye ankanena otsala ndi onyamuka, choncho agogo ankamupatsa ulemu mpaka kunditopetsa.

Ndili kupulayimale, aphunzitsi anatiuza kupanga chiganizo cha Chingerezi chokhala ndi mawu oyezera malo. Ine ndinalemba kuti, "My grandfather has three acres of land." Anandichonga, n'kundiimiritsa kutsogolo kuti anzanga andiombere m'manja. Kuchigafa ndinapeza kapitawo akuyendera fodya, ndipo poti matama anali atandikwera, ndinachinena chiganizocho mokweza. Kapitawo anaseka pang'ono, n'kuwamasulirira agogo kuti ndati iwo ali ndi maekala atatu.

Agogo anaika singano pansi. "Mwanayu akunama, bwana. Ine ndilibe ngakhale pobzala tsabola."

Zinandiwawa. Ndinafunsa ngati si ife tinkalima maekala atatuwo, ngati si iwo anazula zitsa ndi kupanga mizere, koma ananditsina pantchafu mpaka ndinatseka pakamwa. Kapitawo atachoka anangoti, "Khasu ndi langa, thukuta ndi langa. Dothi usamalitchule."

M'mawa mwake ndinakafunsa aphunzitsi, ndipo anati chiganizocho chilibe vuto lililonse. Mutu unandizungulira. Chinthu chomwecho kusukulu n'chokhoza, kunyumba n'bodza, ndipo onse awiri anali anthu oti sanandinamizepo.

Fodya atagulitsidwa, kapitawo anati ife tinyamuke. Agogo aakazi ankati vuto ndi mvula imene inaoletsa masamba, anzathu oyandikana nawo ankati esiteti ikuchepetsa anthu. Agogo aamuna ankangomanga mphasa ndi makasu. Palole anandikhazika pamiyendo pawo, n'kundifunditsa jekete lawo kuti fumbi lisandilowe m'maso.

Ndinkati ndidzawafunsa ndikakula, koma anamwalira pa esiteti ina ndisanalimbe mtima. Lero ndili ndi ana anga, ndipo sindikudziwabe ngati inali mvula, kapena ndine ndinatisamutsa.