Mfundo pa Siling'i ya a Zebron

A Zebron Mvula anagwira ntchito ku migodi ya mkuwa kuyambira ali mnyamata. Ankamanga katundu wolemera ndi zingwe za waya, zimene kumeneko amati masiling'i, kuti makina anyamule. Pamene migodi inayamba kuchotsa anthu, anabwerera ku Chadiza mu 1993 ndi sutikesi, chala choduka, ndi siling'i imodzi. Popeza kwawo analibe munda, anakakhala chikamwini ku Pembamoyo, kwa akazi awo a Keziya.

Munthu amene ku mgodi ankakalipira ngakhale akapitawo anasanduka wofatsa. Mwambo sunawalole kulankhula ndi apongozi awo aakazi, a Fainesi, kapena kuwayandikira. Akakumana nawo panjira ankapatukira m'tchire, ndipo mawu onse ankadzera kwa a Keziya.

Chaka chotsatira, amayi a mpingo analandira chigayo, ndipo ntchito yotsitsa injini yake pa lole inapatsidwa kwa a Zebron. Iwo anaimika milongoti itatu ya bulugama, napachika tcheni buloko, chipangizo cha tcheni chokwezera ndi kutsitsira katundu, nakulunga injiniyo ndi siling'i yawo. A Zebron atapita kukalangiza dalaivala mochotsera lole, a Bonaventure, mkulu wa mpingo, anaona kuti chingwecho chatalika. Anachita zimene mlimi aliyense amachita ndi chingwe cha khonje: anamanga mfundo, kuseri kwa injini. Koma waya safuna mfundo; akapindika, amayamba kuduka pomwepo.

Injini inakwera, lole inachoka, ndipo chitsulocho chinatsala chikulendewera pamwamba pa simenti imene anaikonza kuti injiniyo ikhalepo. Pamenepo a Zebron anamva kaphokoso konga kuswa mtedza. Anazungulira, naona mfundo ija, timawaya titaima ngati minga. Anauza amuna kuti afutuke, mmodzi yekha azitsitsa tcheni pang'onopang'ono.

Atatembenuka anapeza kuti pansi pa injini pali munthu. A Fainesi, monga wapampando wa amayi, anali atagwada pa simenti ndi botolo la madzi odalitsidwa, akuwaza pa mabawuti omangira injiniyo. A Keziya anali ku chitsime. A Zebron anapempha a Bonaventure kuti awauze amayiwo achoke, koma a Fainesi anangokweza dzanja, kusonyeza kuti pemphero silinathe. A Bonaventure anati n'kwabwino kudikira, pakuti munthu sadulidwa pakati pa pemphero.

Kawaya kena kanaduka. Injini inapendekeka pang'ono, ndipo wotsitsa tcheni uja anasiya, nathawa.

"Amayi, tulukanimo," anatero a Zebron, koyamba chikwatirire m'banjamo.

A Fainesi atazindikira mawu a mkamwini wawo, anachita zimene anaphunzitsidwa: anayang'ana kumbali, nadziphimba kumaso ndi chitenje. Sanasunthe. Tsopano sankaona chilichonse.

A Zebron analowa pansi pa katundu, chinthu chimene ku mgodi sanachitepo. Anawagwira apongozi awo m'chiuno, nawakoka, ndipo onse awiri anagwera m'fumbi. Siling'i inaduka. Injini inaswa simenti ndi botolo lija, ndipo chidutswa cha simenti chinawang'amba a Zebron chidendene.

A Fainesi anadzuka, nasansa chitenje, nayang'ana pamene anagwada paja. Kenaka anawayang'ana a Zebron kumaso.

"Mwandigwira pamaso pa anthu, bambo. Mulipira tambala wamoyo."

"Ndamva, amayi."

"Mubwere naye nokha. Musatume Keziya."

Injiniyo inakakonzedwa ku Chipata, ndipo chigayo chinayamba kugaya dzinja litatha. Zotsala za siling'i a Zebron anaziduladula n'kuziponya m'chimbudzi, kuopa kuti wina angamangirenso katundu. Tambala anakapereka okha, akutsimphina. Kuyambira pamenepo awiriwa amapatsana moni panjira, ngakhale akuluakulu ena a m'mudzimo amanenabe kuti mkamwini akadadikira mkazi wake abwere ku chitsime.