Tsiku Limene Amuna Anga Sanaombe M'manja

Amuna anga anali mphunzitsi. Boma litawatumiza ku Misuku, tinachoka ku Dedza ndi ana athu awiri, ndipo tinakhalako zaka zisanu popanda chovuta. Chaka chotsatira ndinayamba kuona zachilendo. Akamayenda, mkono wakumanja unkangolendewera osagwedera. Zolemba zawo pa bolodi zinkayamba zazikulu n'kumanka zichepa mpaka ana akumbuyo kulephera kuwerenga. Akakhala pansi, chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkangopekesana zokha. Nkhope nayo inauma. Ndinkati mwina ndawalakwira, pakuti ngakhale ndinene choseketsa ankangondiyang'ana osaphethira.

Masiku amenewo msonkhano wa chipani sunali wokana. Wina unachitikira pabwalo la sukulu yathu, aphunzitsi atawakhazika pamipando yakutsogolo. Mlendo wochokera kuboma atafika, khamu lonse linaimirira n'kumaomba m'manja. Amuna anga anatsalira pampando. Ndinawaona akuyesa kudzuka kawiri, ndipo pamene ankaima anthu anali akukhala. Manja sanaombe, nkhope ili gwa. Mawa lake wapampando wa chipani m'deralo anatumiza uthenga woti akaonekere Lolemba, akafotokoze chimene ankanyozera mlendo. Tonse tinkadziwa kuti mlandu wotere ena unkawatengera kosabwerera.

Amene anatipatsa nzeru ndi mayi woyandikana nafe, mlimi wa khofi, amene Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chitumbuka. Anati Lolemba lisanafike tipite kuchipatala, tisakhale pansi n'kumalira. Anatiperekeza yekha panjira yotsetsereka yopita kuchipatalako, atawagwira amuna anga pachigongono.

Pachipatala chaching'onocho panali dokotala wothandizira, bambo wa ku Ntchisi, wosathamanga polankhula. Anawayendetsa amuna anga pakhonde, anawalembetsa chiganizo papepala, anapinda mkono wawo n'kuuwongola kangapo. Kenaka anatiuza kuti akuganiza kuti ndi matenda otchedwa Pakinisoni. Anafotokoza kuti mu ubongo muli kamalo kopanga madzi othandiza kuti uthenga ufike bwino kuminofu. Kamaloko kakayamba kufooka, munthu amanjenjemera akakhala phee, thupi limauma, ndipo kuyamba kuyenda kapena kudzuka kumachedwa. Anati si ufiti, si mowa, ndiponso sapatsirana. Sachizika, koma mankhwala amachepetsa.

Ndinamufunsa za nkhope. Anandiyankha kuti, "Mayi, minofu yakumaso nayo yauma. M'katimo bambowa amaseka monga kale."

Ndinalira pomwepo, chifukwa kwa chaka chathunthu ndinkadziimba mlandu.

Lolemba dokotalayo sanangotipatsa kalata, anapita nafe. Anamuuza wapampando zonse zimene anatiuza ife, n'kuwapempha amuna anga kuti adzuke pabenchi iye akuona. Amuna anga anavutika monga tsiku lija. Kenaka wapampando anati amalume ake anamwalira akunjenjemera chomwecho, ndipo banja lawo linadana ndi banja lina poganiza kuti anawalodza. Anapinda kalata ija n'kuika m'thumba.

"Pepani asambizgi," anatero, kuwatchula aphunzitsi m'Chitumbuka. "Pitani, nkhani yatha."

Kuchipatala chachikulu anatsimikiza matendawo n'kutipatsa mapiritsi. Kunjenjemera kunachepa, ngakhale kuti mapiritsiwo ankawaumitsa kukamwa. Nthawi ya mvula msewu ukaduka, mankhwala ankatha, thupi n'kuumanso. Dokotala uja anatiphunzitsa kuti mapazi akakanirira pansi aziwerenga mokweza, wani, thu, ngati asilikali, ndipo mwendo unkanyamukadi. Aphunzitsi anzawo anagawana ntchito yolemba pa bolodi, iwo n'kumaphunzitsa ndi pakamwa. Mawu atayamba kutsika, ana anasendeza mabenchi pafupi.

Anaphunzitsa zaka zina zinayi asanapume pantchito. Tinabwerera ku Dedza, kumene anakhala nafe zaka zisanu ndi ziwiri, n'kuona zidzukulu zitatu. Chakumapeto ndinkawadyetsa ndi sipuni, ndipo masiku ena mawu awo ndinkawamva ine ndekha. Sindinawakwiyire pa kuchedwa kwawo, popeza ndinkadziwa kumene kunkachokera. Mwana wathu wamkazi anaphunzira unamwino, ndipo amati akaona munthu akukhwekhwereza mapazi pamzere wa odwala, amapita kukamutenga yekha.