Mwala wa Kubafa kwa Amalume

Mpaka lero ndikamva fungo la bafa lonyowa, nseru imandigwira.

Tili ku Mtiya, amalume ankakwecha zidendene zawo zong'aluka ndi mwala wopiringizika ngati nkhono, umene anabwera nawo kuchokera ku Mozambique. Tsiku lina aneba athu, aphunzitsi okonda kutolera miyala, anauona pakhomo pa bafa, uli ndi ndere ndi litsiro la mapazi. Anautola n'kuunyambita!

"Ukukakamira lilime," anatero. "Ichi kalekale chinali chamoyo cha m'nyanja ya mchere. Talawa, mwana iwe."

Ndinathawa ndikulavula. Ine ndinkayesa azindikira pomva mchere.

Ndakula, ndikudziwa kuti ankanena zoona. Koma ngati anamva mchere tsiku lija, unali wa amalume.